Mmisiri anayeza bwinobwino, nanga chipinda chapendekeka bwanji?

M'tauni muno anthu akumanga. Kulikonse kumene mungayende mupeza mulu wa mchenga, njerwa kapena mabuloko, ndi anyamata akusakaniza simenti. Koma pali mkangano umodzi wosatha pakati pa eni nyumba ndi amisiri, ndipo umabuka mochedwa, nyumba itafoleredwa kale, tsiku limene woika matailosi wabwera. Mzere woyamba umayenda bwino. Kufika ku khoma la m'mbali, tailosi ya pakona pano ikudulidwa pang'ono, ya pakati ikudulidwa kwambiri, ya pakona inayo kwatsala kachidutswa ngati chala. Mwini nyumba mtima m'mwamba. Mmisiri akulumbira kuti iye anayeza: khoma ili mamita 4, loyang'anizana nalo mamita 4, ili mamita 3, linalo 3.

Ine ndimati nthawi zambiri mmisiriyo sakunama. Tengani tepi muyeze nokha, mupeza kuti n'zoona. Vuto ndi loti zimene anayezazo sizitsimikizira kuti makona a chipinda ndi a madigiri 90. Zimangotsimikizira kuti chipindacho ndi parallelogram. Eya, yomwe ija ya ku sekondale, imene ambiri tinkafunsa kuti kodi idzatipindulira chiyani. Lero ndikufuna tiione bwinobwino, ndipo ndikupemphani mutenge pepala ndi cholembera, chifukwa nkhani iyi kungoiwerenga pafoni osajambula, mutu uzungulira.

Parallelogram ndi chinthu cha mbali zinayi chimene mbali zake zoyang'anizana zili parallel, kutanthauza kuti zikuyenda molunjika kumodzi ndipo sizingakumane ngakhale mutazitalikitsa motani, ngati zitsulo ziwiri za njanji pamalo owongoka. Tanthauzo lake ndi lomwelo basi. Silikunena za kutalika kwa mbali, silikunena za kukula kwa ngodya. Rekitango ndi parallelogram, sikweya nayonso, komanso rekitango imene wina waikankha n'kupendekeka ndi parallelogram ndithu. Zina zonse zimene aphunzitsi ankatiloweza, zoti mbali zoyang'anizana n'zofanana, zoti madayagonolo amadulana pakati, sizili m'tanthauzomo ayi. Zimenezo zimafunika umboni, ndipo umboniwo umachokera ku mathirayango.

Chifukwa chake thirayango n'chosavuta kuchiona. Khomani timatabwa tinayi m'makona, msomali umodzi pakona iliyonse, kenako mukankhe. Felemuyo ipendekeka, pomwe palibe kathabwa kamene katalika kapena kufupika. Tsopano khomani titatu. Kankhani mmene mungathere, sizisuntha mpaka thabwa lithyoke. Mbali zitatu zikadziwika, thirayango yatha, ilibenso mpata wokhala mwa mtundu wina. N'chifukwa chake matabwa a denga amakhomedwa m'mathirayango, ndipo mukayang'ana nsanja za mafoni muona mathirayango okhaokha kuchokera pansi mpaka pamwamba.

M'masamu, mathirayango awiri ofanana ndendende, oti mutadula imodzi n'kuisanjika pa inzake palibe chotsalira, amatchedwa congruent. Ubwino wake ndi woti simufunika kuyeza mbali zonse zitatu ndi ngodya zonse zitatu kuti mudziwe. Zinthu zitatu zosankhidwa bwino zikwanira. Mbali zitatu zikafanana, imeneyo ndi SSS. Mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pa mbalizo zikafanana, ndi SAS. Ngodya ziwiri ndi mbali ya pakati pake, ndi ASA. Koma samalani, ngodya zitatu zokha sizikwanira, chifukwa kathirayango ka papepala ndi thirayango ya denga la tchalitchi zikhoza kukhala ndi ngodya zofanana koma kukula kosiyaniranatu. Nazonso mbali ziwiri ndi ngodya imene siili pakati pake zimapusitsa, nthawi zina zimabereka mathirayango awiri osiyana.

Chida china chimene tifune ndi ngodya za Z. Mzere ukadutsa mizere iwiri ya parallel, pamaoneka chilembo cha Z, ndipo ngodya ziwiri za m'kati mwa Z uja zimafanana. M'mabuku amazitcha alternate angles. Zimagwiranso ntchito chobwerera: mukapeza kuti ngodya za Z n'zofanana, dziwani kuti mizere iwiriyo ndi ya parallel.

Jambulani tsopano. Kona ya pansi kumanzere ikhale A, ya pansi kumanja B, ya pamwamba kumanja C, ya pamwamba kumanzere D. Ipendekeke ndithu, musajambule rekitango, chifukwa maso angakupusitseni. Chimene tikudziwa n'chakuti AB ndi parallel ndi DC, ndipo AD ndi parallel ndi BC. China chilichonse sitikuchidziwa.

Lembani mzere kuchokera pa A kufika pa C. Umenewu ndiye dayagonolo, ndipo nzeru yonse yagona pa kamzere kameneka, chifukwa kasandutsa chinthu chogwedera cha mbali zinayi kukhala mathirayango awiri, ABC ndi CDA. Yang'anani Z woyamba: kuchokera pa B kupita pa A, kukwera pa C, kukathera pa D. Popeza AB ndi DC ndi parallel, ngodya BAC ikufanana ndi ngodya DCA. Z wachiwiri ndi wogona chammbali: kuchokera pa D kutsika pa A, kukwera pa C, kutsikira pa B. Popeza AD ndi BC ndi parallel, ngodya DAC ikufanana ndi ngodya BCA. Nanga mbali? AC ili m'mathirayango onse awiri, ngati khoma limodzi logawa zipinda ziwiri, ndiye singasiyane ndi iyo yomwe. Tapeza ngodya, mbali, ngodya. Mathirayango ABC ndi CDA ndi congruent mwa ASA.

Apa ndiye zinthu zimangogwa zokha. Ngati mathirayangowo ndi ofanana ndendende, AB ikufanana ndi CD, ndipo BC ikufanana ndi DA. Mbali zoyang'anizana n'zofanana, ndipo sitinagwireko rula. Ngodya ya pa B ikufanana ndi ya pa D. Ya pa A ndi ya pa C nazo? Ngodya yonse ya pa A ndi zidutswa ziwiri, BAC ndi DAC. Ya pa C ndi zidutswa ziwirinso, DCA ndi BCA. Taona kale kuti zidutswazi zikufanana ziwiriziwiri, ndiye mukaziphatikiza yankho ndi limodzi. Palinso bonasi: dayagonolo yagawa malo a parallelogram pakati ndendende. Abale awiri atakhala ndi puloti yooneka chonchi, chingwe chochokera pakona kufika pakona yoyang'anizana nayo chipatsa aliyense theka lenileni, ngakhale kuti kumanga nyumba pa puloti ya makona atatu ndi nkhani ina.

Umboni umenewu si wa dzulo. Unalembedwa ndi Euclid, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Egypt zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Ntchito yake yotchedwa Elements ili ndi mabuku 13, ndipo zimene tangochitazi ndi mfundo ya nambala 34 m'buku loyamba. SAS ndi mfundo ya nambala 4, SSS ya nambala 8, ASA ili pa 26, ngodya za Z pa mizere ya parallel zili pa 29. Onani manambalawo: munthuyu ankamanga ngati khoma, mzere wa njerwa pamwamba pa unzake, ndipo sankagwiritsa ntchito mfundo imene sanaitsimikizire kale. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti patha zaka zoposa 2,000, koma mwana wa sekondale akalemba umboniwu lero amadutsa njira yomweyo.

Onjezani dayagonolo yachiwiri, kuchokera pa B kufika pa D. Pamene yakumana ndi AC palembeni O. Tsopano muli ndi mathirayango anayi, koma tengani awiri okha, wapansi ndi wapamwamba, AOB ndi COD. AB ikufanana ndi CD, taitsimikizira kale, ndiye tili ndi ufulu woigwiritsa ntchito. Ngodya OAB ikufanana ndi OCD, ndi Z uja. Ngodya OBA ikufanana ndi ODC, Z winanso, wodutsa pa BD. ASA kachiwiri. Choncho AO ikufanana ndi CO, ndipo BO ikufanana ndi DO. Madayagonolo amadulana pakati penipeni.

Mumvetsetse bwino pamenepa, chifukwa ndi pamene anthu amaterereka. Tanena kuti dayagonolo iliyonse yadulidwa pakati. Sitinanene kuti madayagonolo awiriwo ndi ofanana kutalika. Yang'anani chojambula chanu chopendekekacho, imodzi ndi yaitali, inzake yaifupi.

Tibwerere ku tepi ya mmisiri. Iye sanayeze zoti makoma ndi parallel. Anayeza kutalika kokha, n'kupeza kuti AB ikufanana ndi CD, BC ikufanana ndi DA. Ndiye funso likutembenuka: tikudziwa kutalika, tinganene chiyani za chipindacho? Lembaninso AC. Mathirayango ABC ndi CDA ali ndi mbali ziwiri zofanana zimene mmisiri wayeza, yachitatu ndi AC ya onse. SSS. Choncho ngodya BAC ikufanana ndi DCA, ndipo izi ndi ngodya za Z, kutanthauza kuti AB ndi DC ndi parallel. Chimodzimodzi ngodya DAC ndi BCA zikutipatsa kuti AD ndi BC ndi parallel. Mmisiri watsimikizira kuti chipinda ndi parallelogram. Wagwira ntchito, inde, koma wathera panjira. M'umboni wonsewu palibe paliponse pamene patuluka madigiri 90.

Kuti madigiri 90 atuluke pakufunika muyeso umodzi wowonjezera: madayagonolo awiri afanane. Taonani chifukwa chake. Ulendo uno tengani mathirayango awiri amene akhalira pa khoma limodzi la pansi, ABC ndi BAD. Amalowana, ndiye ngati akukusokonezani ajambuleni padera. AB ndi ya onse awiri. BC ikufanana ndi AD popeza ndi parallelogram. AC ikufanana ndi BD chifukwa tayeza n'kupeza choncho. SSS, ndiye ngodya ya pa A ikufanana ndi ngodya ya pa B. Koma AD ndi BC ndi parallel, ndipo AB ikuzidutsa zonse, choncho ngodya ziwiri zimenezi, zimene zili mbali imodzi m'kati, zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Zinthu ziwiri zofanana zimene pamodzi zikukwana 180, chilichonse ndi 90. Ngodya zoyang'anizana nazo tinaona kale kuti zimafanana nazo, ndiye makona onse anayi ndi 90. Yakhala rekitango tsopano.

Tiike manambala kuti muone kuti si zocheza. Chipinda cha mamita 4 ndi mamita 3 chikakhala chowongoka, dayagonolo iliyonse imakhala mamita 5, malinga ndi lamulo la Pythagoras: 16 kuphatikiza 9 ndi 25, ndipo 25 ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Ndi 3, 4, 5 yomwe amisiri odziwa ntchito amagwiritsa ntchito poika zikhomo. Tsono tiyerekeze kuti makoma onse ali ndi miyeso yolondola, koma dayagonolo imodzi yatuluka mamita 5.1. Inzakeyo ikhala pafupifupi 4.9. Kona imene imayenera kukhala 90 ili pa madigiri 92 ndi kakuti, zimene diso la munthu woima pa saiti silingaone. Koma khoma la mamita 3 lija, pofika kumapeto kwake, lapatuka ndi masentimita pafupifupi 13. Pa matailosi zimenezi zimaonekera patali. Ngakhale madayagonolo atasiyana ndi masentimita 4 okha, wina 5.02 wina 4.98, khomalo lapatuka ndi masentimita awiri ndi theka. Kabati ya makona owongoka sidzakhala bwino pakona imeneyo, ndipo siling'i ndi malata nazo zidzafuna kudula mokhotakhota.

Nthawi yokonza zimenezi ndi pamene pali zikhomo ndi zingwe zokha, maziko asanakumbidwe. Kusuntha chikhomo n'kwaulere. Kugumula khoma ndiye mukudziwa nokha mtengo wa thumba la simenti masiku ano. Ngati makolo anu kapena achimwene anu ali kunja akukutumani kuti muziyang'anira ntchito yomanga, zimene zikuchitika kwambiri masiku ano, simufunika kukangana ndi mmisiri. Ingonenani mwaulemu kuti, bambo, tiyeni tiyezeko kona ndi kona tione. Mmisiri wabwino sakhumudwa, ambiri amakhala atayeza kale.

Koma pali msampha wina, ndipo uwu ndimauona kwambiri kwa owotcherera mafelemu a mawindo ndi zitseko. Ena anamva zoti madayagonolo akafanana ndiye basi zatheka, mpaka amasiya kuyeza mbali. Ayi ndithu. Umboni tapanga uja unayamba ndi parallelogram. Jambulani chinthu chimene mbali yake ya pansi ndi yaitali, ya pamwamba yaifupiko, mbali ziwiri za m'mphepete zapendekera m'kati mofanana, ngati ndowa yovundikira. Imeneyi ndi trapezium, madayagonolo ake ndi ofanana bwinobwino, koma palibe kona ya 90 ngakhale imodzi. Ndiye miyeso ndi iwiri ndipo imayendera limodzi: mbali zoyang'anizana zifanane, madayagonolo afananenso. Komanso felemuyo igone pamalo athyathyathya poyeza, chifukwa masamu onsewa ndi a zinthu zogona papepala. Felemu yopotoka, imene kona imodzi yadzuka m'mwamba, ikhoza kukupatsani manambala abwino koma galasi osakhalamo bwino.

Mageti a matabwa amene amakwekwereza pansi nawo ndi nkhani yomweyi. Geti likamangidwa limakhala rekitango. Pakapita miyezi, kulemera kumakokera pansi mbali ya loko, misomali imalola pang'ono, ndipo geti limasanduka parallelogram yopendekeka. Palibe thabwa lasintha kutalika, zasintha ndi ngodya ndi madayagonolo. Dayagonolo yochokera pa hinji ya pansi kukwera ku kona ya pamwamba ya mbali ya loko imafupika, inayo imatalika. Ndiye mukafuna kuika thabwa lopingasa, liikeni pa imene ikufuna kufupikayo, kuti geti lizitsamira pa thabwalo. Mukafuna kugwiritsa ntchito waya, mumangeni pa inayo, kuchokera pa hinji ya pamwamba kutsikira ku kona ya pansi, chifukwa waya amalimba pokokedwa, pokankhidwa amangopindika. Mwa njira zonse ziwiri mwapanga mathirayango awiri, ndipo SSS ikugwirirani geti.

Musaganize kuti kugwedera kwa parallelogram ndi koipa nthawi zonse. Sikelo ija ya mbale ziwiri pamwamba, yoyezera ndi miyala yachitsulo, imene mumaipeza m'mabutchala ndi m'magolosale ena, imadalira kugwedera komweko. Pansi pake pali zitsulo ziwiri zopingasa ndi ziwiri zoimirira, zolumikizidwa m'makona moti zizitha kuyenda. Popeza zitsulo zoyang'anizana n'zofanana kutalika, umboni wathu wa SSS uja ukuti zikhalabe parallel ngakhale sikelo ipendekere kuti. Zoimirirazo zimaimirirabe chilili, mbale sizipendekeka, ndipo mbale imodzi ikatsika inzake imakwera mlingo womwewo. N'chifukwa chake kaya nyama mwaiika pakati pa mbale kaya m'mphepete, sikelo yabwino imanena chimodzimodzi. Anaitulukira ndi katswiri wa masamu wa ku France, Gilles de Roberval, amene anaionetsa ku Paris mu 1669.

Kwa inu amene mukukonzekera mayeso a MANEB, mawu angapo. Funso likati tsimikizirani, kuyeza ndi rula si umboni, chifukwa mwangoyeza parallelogram imodzi yomwe mwajambulayo, pomwe funso likunena za onse. Mawu oti zikuoneka zofanana nawonso sapatsa malikisi. Chilichonse chimene mwalemba chikhale ndi chifukwa chake pambali: mbali ya onse, ngodya za Z chifukwa mizere yakutiyakuti ndi parallel, kapena zapatsidwa m'funso. Cholakwika chachikulu ndi kubwereka yankho. Akakufunsani kuti muonetse kuti AB ikufanana ndi CD, simungalembe kuti AB ikufanana ndi CD ngati chimodzi mwa zifukwa zanu zitatu, n'chifukwa chake mu umboni woyamba uja tinadutsira ku ASA osati SSS. Samalaninso ndondomeko ya zilembo. Tinalemba ABC ndi CDA, osati ABC ndi ADC, chifukwa A akugwirizana ndi C, B ndi D, C ndi A. Mukalemba molondola, mbali zofanana mumangoziwerenga pa zilembozo osayang'ananso chithunzi.

Nayi ina yoti muyese nokha. Tengani parallelogram imene mbali zake zonse zinayi n'zofanana koma yapendekeka, ngati daimondi ya pa makhadi a juga. Dzina lake ndi rhombus. Onetsani kuti madayagonolo ake amakumana pa madigiri 90. Yambani ndi mathirayango awiri oyandikana, AOB ndi AOD, mukumbukire zimene tapeza zokhudza BO ndi DO, kenako mudzifunse kuti ngodya ziwiri za pa O zimene zagona pa mzere wowongoka BD zimakwana zingati pamodzi.